Kathumba ka mu Mpando wa Pikapu ya Adada

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimene adada anaganiza zokonzetsa mpando wa pikapu yawo. Tinkakhala kumudzi kwathu, cha kufupi ndi Edingeni, ndipo galimoto imeneyo ndi imene inkatidyetsa. Kalekale inali yoyera, koma pa nthawi imene ndikunenayi inali itatengera mtundu wa fumbi la msewu wa ku Boma. Lolemba ndi Lachisanu inkachita matola, kunyamula anthu, mbuzi ndi matumba a chimanga kupita ku Boma la Mzimba. Masiku ena adada ankapita nayo ku Luwawa kukatengera anthu matabwa omangira nyumba, ndipo akabwerako inkanunkhira utomoni wa paini mpaka mawa lake.

Mpando wake unali umodzi wautali, wokhalapo anthu atatu. Chikopa chake chinali chitang'ambikang'ambika ngati chidendene cha munthu m'chilimwe, siponji atatuluka ponseponse. Cha kuchitseko cha kumanzere kunali dzenje loti dzanja la mwana linkalowa mpaka m'chigongono. Dzenje limenelo ndinkalidziwa bwino kuposa wina aliyense.

Amama ondibereka anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo. Pa ulendo wawo womaliza wa kuchipatala anakhala pamalo pomwepo, mutu atatsamiritsa pagalasi, ine nditaima pabwalo kuyang'ana mpaka fumbi litazilala. Maliro atatha tonse tinametedwa monga mwa mwambo, ndipo ine ndinatola pang'ono tsitsi langa pansi, osadziwa n'komwe kuti ndichita nalo chiyani. Abale akugawana zovala za malemu, ndinang'amba mobisa kansalu m'mphepete mwa chitenje chawo, n'kutolanso mikanda itatu yofiira ya mkanda wawo umene unaduka. Patapita nthawi dzino langa linaguluka, ndipo m'malo moliponya padenga ndinalisunga pamodzi ndi zinazo, pakuti amama akanakhalapo ndikanayamba kuonetsa iwo. Zonsezi ndinazisokera m'kansalu kaja ndi ulusi wakuda, monga anatiphunzitsira kusukulu. M'nyumba munalibe pobisa, chifukwa adada anali atakwatiranso, ndipo mkazi watsopanoyo ankasesa ndi kuseri kwa mitsuko komwe. Choncho kathumba kanga ndinakalowetsa m'dzenje la mpando lija. Ndikatumidwa kutsuka galimoto ndinkapisamo dzanja, kukakhudza, mtima n'kukhala pansi.

Mayi wondipezayo kwawo kunali ku Ntchisi. Adada anakumana nawo ku Kasungu atapita kukasiya fodya wa munthu wina, ndipo m'mudzi mwathu anthu ankawatcha NyaMbewe. Chitumbuka ankachimva mwa apo ndi apo, motero m'nyumba mwathu tinayamba kulankhula Chichewa. Zimenezi sizinakondweretse mlongo wa adada, amene ife tinkawatcha Ankhazi. Iwo ankakhala ku Boma, kumene ankagulitsa nyemba ndi tomato mumsika, ndipo akabwera kumudzi ankalankhula Chitumbuka chothamanga dala kuti mlamu wawo asatolepo kanthu. Ndinene zoona, NyaMbewe sanandichitirepo choipa. Sanandimenye, sanandimane chakudya. Koma ankagona pamene amama ankagona, ndipo kwa ine mlandu wake unali wokwanira.

M'mwezi wozizira wa chaka chimenecho NyaMbewe anali ndi pakati poonekera. Tsiku lina akuchokera kusikelo, waya wa mu mpando unawang'ambira chitenje n'kuwakanda ntchafu. Potsika anati, "Bambo a Lusungu, mpando uwu udzavulaza munthu. Bwanji osakonzetsa?" Adada anavomera, nati apita nawo ku Boma Lachiwiri. Ine amene ndinali Lusunguyo, ndinangoganiza za kathumba kanga.

Lachiwiri dzuwa litangotuluka ndinathamangira kugalimoto. Ndinapisa dzanja, koma mabampu a mu msewu anali atakankhira kathumba mkati, pakati pa mawaya. Nsonga za zala zinkakakhudza koma osakagwira. Ndikulimbana choncho, adada anatulukira atanyamula chigubu cha madzi a mu injini.

"Ukufuna vichi mmenemo?"

"Palibe, adada. Ndipite nawo ku Boma, ndapota."

Sukulu inali itatsekera, choncho sanakanize. Njira yonse ndinakhalira dzenje lija ngati nkhuku yofungatira mazira.

Wokonza mipando anali Che Saidi, amene anali ndi kashopu kuseri kwa msika. Pakhonde pawo panali makina osokera akuda opondera ndi phazi, milu ya siponji, ndi mipukutu ya nsalu yochindikala yonga chikopa imene ankaitcha lekizini. Fungo la guluu linkamveka munthu asanafike. Anali bambo wamtali, woyererapo, wa ndevu zaimvi, ndipo kofiya yoyera sinkachoka pamutu. Ena ankati kwawo ndi ku Nkhotakota, ena ku Mangochi, enanso ankati agogo awo anachokera kutali kunyanja yamchere. Ku Mzimba anali atakhalako zaka zambiri, ana awo onse anabadwira konko, komabe anthu ankawatchabe alendo. Adada anali atamva kuti amisiri a ntchito imeneyi amabwezera siponji wakale n'kungophimba ndi chikopa chatsopano, ndiye anatsimikiza zoti sachoka mpaka ataona m'kati mwa mpando ndi maso awo.

Anamasula mabawuti anayi, nanyamula mpando awiriwo n'kuugoneka chafufumimba patebulo la pakhonde. Che Saidi anayamba kuwongola timawaya timene tinagwira chikopa, kamodzikamodzi, mosafulumira. Ataona kuti adada akuwayang'anitsitsa m'manja anaseka.

"Musadere nkhawa, bwana, siponji wanuyu ngakhale mbewa yamukana. Mutenge mukayatsire moto. Komatu mipando imasunga zambiri. Ine ndapezamo makobiri, mapensulo, makhadi a kuchipatala. Tsiku lina ndinapeza mphete ya ukwati imene mwini wake anali atathamangitsira kale wantchito."

Anakoka chikopa, fumbi linati fwaa, siponji wofumbwa n'kuyoyoka. Kenako kathumba kanga kanagwera patebulo. Mafuta ndi fumbi zinali zitakadetsa bii, ulusi wakuda utazungulira, moti ngakhale ine mwini wake ndinaona kuti sikakuoneka ngati chinthu cha munthu wabwino. Adada anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda makina osokera. Mnyamata wina wogulitsa nzimbe amene ankaonerera anakuwa kuti, "Chithumwa!" Posakhalitsa khonde linadzaza anthu, ndipo wina anali atathamangira kale kukaitana Ankhazi.

Palibe amene anafuna kukagwira. Che Saidi ndi amene anatenga lezala, nakatembenuza kawiri konse akukayang'anitsitsa, kenako anadula ulusi n'kukatambasula ndi nsonga ya sizasi. Munatuluka tsitsi, mikanda itatu yofiira ndi dzino laling'ono.

"Chiuta wane!" anatero Ankhazi, manja ali kumutu. "Sisi la mwana ili! Jino la mwana!"

Anandigwira chibwano n'kunditsegula pakamwa anthu onse akuona. Pamene panaguluka dzino paja panali patamera lina, lisanafike n'komwe pofanana ndi anzake.

"Lusungu, dzino lako lija unaliponya kuti?"

Ndakhala ndikuiganizira mphindi imeneyo kambirimbiri. Ndinkaopa, n'zoona. Anthu anali ambiri, adada nkhope itasintha, ndipo mawu akuti chithumwa anali atatchulidwa kale. Koma mantha okha akanangondikhalitsa chete. Chimene chinatuluka pakamwa panga chinali choposa kukhala chete.

"Ndinaliika pazenera. Mawa lake sindinalipeze."

"Amasesa m'nyumba ndani?" anafunsa Ankhazi, koma sankafunsa ine. Ankayang'ana adada.

Adada anati, "Komatu ndi iyeyo amene anandiuza kuti tikonzetse mpando. Akanakhala kuti anaika ndiye, akananditumiza kuno?"

"Mbwenu nzeru zake ndi zimenezo!" anatero Ankhazi. "Amafuna achiphimbe ndi chikopa chatsopano, chikhale mmenemo mpaka mwana atatha. Ankadziwa kuti iwe uima pano n'kumaonerera? Wake ali m'mimba, uyu wa mnzake akumuona ngati chitsa m'munda."

Che Saidi anayesa kulowererapo. "Mayi, tisafulumire. Zinthu izi tiziyang'ane kaye bwino."

"Imwe mukudziwapo chiyani?" Ankhazi anawatembenukira. "Kapena mwina mukudziwa zambiri?"

Anthu ena anang'ung'udza movomereza, ndipo Che Saidi anangowerama n'kuyamba kusesa siponji. Adada anakankhira zonse zija m'chitini chopanda kanthu cha guluu pogwiritsa ntchito kamtengo, natseka. Anagwirizana kuti Loweruka, mpando ukatha, abale adzakumana kumudzi, kenako adzapita ndi chitinicho pamodzi ndi NyaMbewe kwa nchimi, sing'anga woombeza wa kutsidya kwa mtsinje. Ankhazi anati ine sindipondanso m'nyumba imene ija kufikira nkhani itatha. Adada anabwereka kireti ya zakumwa, naiika pamene panali mpando, n'kubwerera kumudzi atakhalira imeneyo. Asananyamuke anandiika dzanja pamutu nthawi yaitali, zimene sanachitepo chimwalirire amama.

Masiku amene ndinakhala kwa Ankhazi anali okoma, ndipo ndimachita manyazi kunena zimenezi. M'mawa kunali tiyi wamkaka ndi mandasi awiri. Mumsika amayi ankandiitana pamabenchi awo, wina nthochi, wina mtedza, akundisisita kumsana n'kumati, "Mwana mulanda, Chiuta wakuthaska." Ankatanthauza kuti Mulungu wapulumutsa mwana wamasiye. Aliyense anali ndi chimene anali atachiona kale koma osanena. Wina anati ndinali nditaonda chibwerere NyaMbewe. Wina anakumbukira chifuwa chimene ndinadwala nthawi yokolola. Tayala limene linaphulika pafupi ndi mlatho, ng'ombe ya adada aakulu imene inafa itatupa mimba, zonse zinapeza mwini wake. Kusesa kwawo kunasanduka kutola tsitsi. Kundiluka kumutu Loweruka lililonse kunasanduka kuyeza mutu wanga. Ngakhale kufatsa kwawo, anati munthu wabwinobwino safatsa choncho. Pofika Lachinayi ndinali nditamva nkhanizi kambiri moti ndinayamba kudzifunsa ngati mwina mayiyo analidi ndi kanthu kena, kosakhala kathumba kanga, kamene anthu akuluakulu ankakaona ine osakaona.

Mayi wina wa m'mudzi mwathu amene anabwera kudzagulitsa mazira anauza Ankhazi, ine ndikumva, kuti adada akugona kwa mkulu wawo ndipo sakudya chilichonse chophikidwa ndi NyaMbewe. Anati NyaMbewe akafika pamjigo amayi onse amanyamula ndowa zawo n'kukaima patali, ndipo akachoka amatsuka chogwirira ndi mchenga. Ndinamva zimenezo ndikudya nthochi, ndipo ndinaimaliza.

Lachinayi lomwelo masana Ankhazi anandituma kukaona ngati mpando ukuyenda bwino. Ndinapeza Che Saidi ali okha. Mawaya anali atawongoledwa, siponji watsopano atamatidwa, ndipo iwo ankasoka mizere pa lekizini wofiirira. Sofa imene ndinaiona pakhonde Lachiwiri panalibe.

"Mwini wake wabwera kudzaitenga isanathe," anatero ataona kumene ndinkayang'ana. "Akuti pano pamatuluka zithumwa. Ena akuti ndimaikamo ndine. Tabwera, mwanangu, undithandize. Dula ulusi uwu."

Anandipatsa sizasi, ndipo ndinailandira ndi dzanja lamanzere, pakuti ndine wamanzere chibadwire. Ndinadula. Iwo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, natenga kachidutswa ka nsalu ndi singano.

"Taona. Munthu wamanja akamasoka, ulusi wake umapendekera uku." Anasoka katatu. Kenako anasinthira singano kudzanja lina. "Wamanzere, umapendekera uko. Kathumba kaja ulusi wake unapendekera uko. Ndiponso mfundo zake zinali zitatuzitatu, za munthu woopa kuti zimasuka. Munthu wamkulu samanga choncho. Mayi ako aang'ono aja ndi amanzere?"

"Ayi," ndinayankha.

"Ndinaganiza choncho."

Anabwerera pamakina, naponda, makina n'kumalira kwa kanthawi. Ndinkadikira kuti aitane Ankhazi, koma atafika kumapeto kwa mzere analankhula osandiyang'ana.

"Sindikufunsa chifukwa chake. Zimene zinali mmenemo si za munthu wofuna kupha mnzake, zimenezo ndinaona. Ndiponso ine sindikauza munthu. Ndikanena ine, ati mlendo akuikira kumbuyo mlendo mnzake, ndipo zimuipira kuposa pano. Koma umve ichi. Mpando ndimaliza Loweruka m'mawa. Kufikira pamenepo nkhani iyi ikadali m'manja mwako. Akangofika kwa woombeza si yakonso, chifukwa anthu amene apita kumeneko atanyamula kale dzina sabwerako ndi dzina lina. Ndipo mayi amene uja ali ndi munthu m'mimba amene sanalakwire aliyense."

Ndinathawa osatsanzika. Ankhazi atandifunsa ndinati mpando ukuyenda bwino.

Loweruka m'mawa adada anabwera, maso ali ofiira, ndevu zosameta. Mpando unali wokongola kwambiri, wofiirira, wa mizere yowongoka ngati ya m'munda wa fodya, ndipo ukaukhalira unkakubweza m'mwamba. Tsiku lina lililonse adada akanaitana anzawo onse a matola kuti adzaone. Tsiku limenelo anangomanga mabawuti, nati "Yewo" kwa Che Saidi, basi. Che Saidi anandiyang'ana kamodzi kokha, kenako anayamba kupinda zotsala za lekizini.

Ndinakhala pakati pa adada ndi Ankhazi. Chitini chija chinali kumbuyo, chitapanikizidwa ndi tayala kuti chisagubuduke, koma pa bampu iliyonse ndinkachimva chikugunda. Katatu konse ndinatsegula pakamwa. Ulendo woyamba Ankhazi anandifunsa ngati fungo la guluu likundichititsa nseru, ndipo ndinavomera. Ulendo wachiwiri adada anali kulimbana ndi giya pachitunda. Ulendo wachitatu panalibe chondiletsa chilichonse, komabe ndinatseka pakamwa.

Tinapeza abale atasonkhana kale pansi pa mtengo wa pafupi ndi khola. Abambo anali pamipando, amayi pansi cha kumbali, ndipo adada aakulu, mkulu wawo wa adada, ndi amene ankatsogolera. NyaMbewe anali okha pafupi ndi nkhokwe, miyendo atatambasula, chikwama chawo chili pambali. M'masiku anayi okha nkhope yawo inali italowa. Mapazi anali otupa.

Adada aakulu anawafunsa m'Chichewa chawo cholemera ngati akuchidziwa chinthu chimene chinapezeka mu mpando.

"Sindinaike ine, bambo," anayankha.

"Ndiye anaika ndani? M'nyumba muli anthu atatu pera."

Sanayankhe. Ankangokanda pansi ndi kachitsotso.

"Mwaona?" anatero Ankhazi. "Tiyeni, dzuwa likupita."

NyaMbewe anauzidwa kuti akwere kumbuyo, pakuti palibe amene akanalola kukhala nawo kutsogolo. Anadzuka pogwira mtengo wa nkhokwe, nayenda pang'onopang'ono mpaka kugalimoto. Anagwira chitsulo, nakweza mwendo umodzi, koma mimba inawalepheretsa ndipo phazi linaterereka. Anayesanso, linatererekanso, bondo n'kugunda pachitsulo. Panali anthu oposa makumi awiri pamenepo, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anatambasula dzanja. Adada anayang'ana kumbali. Poyesa kachitatu anatulutsa kamawu kakang'ono, kosakhala kulira, ngati ka munthu amene akusenza mtolo womulemera. Kamawu kameneko ndi kamene kananditsegula pakamwa.

"Ndine! Ndinaika ndine!"

Poyamba palibe amene anamvetsa. Ndinabwereza m'Chitumbuka, ndikulira, ndikufotokoza za tsitsi, za dzino, za mikanda. Ankhazi anandigwira paphewa n'kundigwedeza.

"Wamuphunzitsa zonena! Mukumva? Wamulowa mwana m'mutu!"

"Amuphunzitsa liti, poti mwana anali kwa iwe sabata yonse?" anafunsa adada aakulu.

"Ndiye mphamvu yake imeneyo! Akufuna kufika pafupi ngati?"

Ndinaona mitu ingapo ikugwedezeka movomereza, ndipo ndinazindikira kuti ngakhale choonadi changa chikusanduka umboni wotsutsa NyaMbewe. Ndinadziphwatula m'manja mwa Ankhazi, ndinakwera kumbuyo kwa galimoto, n'kutenga chitini chija. Nditakhuthulira zam'katimo m'dzanja langa amayi anakuwa, ena n'kuthawira kuseri kwa nyumba. Pakhonde panali beseni la madzi ndi kachidutswa ka sopo. Ndinaviika kansalu kaja n'kuyamba kufikisa. Madzi anada. Ndinafikisabe, ndipo pang'onopang'ono chikasu chinayamba kuoneka, kenako timadontho toyera, kenako mutu ndi phiko la nkhanga.

Adada anabwera, nagwada pafupi ndi beseni, n'kutenga kansaluko m'manja mwanga. Anakatambasula pachikhatho.

"Chitenje ichi ndinagula ndine," anatero motsitsa. "Pa Jenda. Mwana uyu ali kumsana."

Ankhazi anayandikira, nayang'ana, ndipo anakhala pansi pomwepo n'kuyamba kulira, pakuti amama anali mnzawo wa ponda apa m'pondepo. Analira nthawi yaitali akutchula dzina la malemu. Koma kwa NyaMbewe, amene anali ataimabe atagwira chitsulo cha galimoto, sananene mawu ndi amodzi omwe, tsiku limenelo ngakhale masiku onse otsatira.

Ndinkayembekezera mkwapulo, ndipo mwina ukanandipepukira. Adada sanandimenye. Anthu atabalalika anandifunsa funso limodzi lokha.

"Kubisa zinthu za amama ako si mlandu. Koma za pazenera zija unazitenga kuti?"

Anandiuza kuti ndipite ndikagwade pamaso pa mayi anga ndi kunena ndekha chimene ndinanena ku Boma. Ndinapita, ndinagwada, ndinanena. NyaMbewe anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Ndamva. Dzuka." Adada nawo anapepesa, adada aakulu anapepesa m'malo mwa mudzi, koma iwo chikwama sanamasule.

"Ndikachirire kwathu," anatero. "Kuno ndikadzayamba kumva kupweteka, adzandigwira ndani? Amene amatsuka mjigo aja?"

Mawa lake adada anawaperekeza ku Jenda kukakwera basi. Chikwama ndinanyamula ndine mpaka kugalimoto. Anakhala pa mpando watsopano uja cha kuchitseko, nausisita ndi chikhatho, n'kunena kuti, "Wasoka bwino bambo ameneyu." Anatha miyezi isanu ndi itatu ali ku Ntchisi. Nthawi yonseyo kutunga madzi, kuphika, kuchapa ndi kusesa zinali zanga ndisanapite kusukulu, ndipo adada ankadya chakudya changa chosapsa osadandaula, osalankhulanso zambiri. Anapita kawiri kukawatenga n'kubwerako okha. Ulendo wachitatu, mvula itasiya, anabwera nawo, ali ndi mlongo wanga kumsana.

Kwa Che Saidi sindinapitekonso. Ndikakhala ku Boma ndinkazungulira njira ina chifukwa cha manyazi, ndipo pamene ndinadzalimba mtima ndili ku sekondale, ndinapeza pakhonde paja pali mnyamata wokonza mafoni amene sankawadziwa n'komwe.

Zaka zambiri zitapita, nditabereka mwana wanga woyamba, amene anabwera kudzandisamalira anali NyaMbewe. Tsiku lina akusambitsa khandalo ndinawafunsa ngati ankaikumbukirabe sabata ija. Anaseka pang'ono.

"Ndingaiwale? Ndipotu ndinkadziwa kuti ndi kako. Ndinkakuona ukamatsuka galimoto, dzanja lili m'dzenje, milomo ikuyenda. Ndinkati ndi za iwe ndi mayi ako, sizikundikhudza. Ponena za kukonzetsa mpando ndinkayesa uchotsa."

"Nanga bwanji simunanene, amama? Anakufunsani pamaso pa anthu."

"Ndikananena, akanati mayi wopeza akunamizira mwana wamasiye. Akanandikhulupirira, ndiye zikanaipa koposa. Mwana wamkazi wosunga tsitsi ndi mano m'kathumba, ukuganiza akanamutcha chiyani? Ine ndinali ndi kwathu kothawira. Iwe kwanu kunali komweko." Anapukuta mwana. "Koma usaganize kuti sindinakukwiyire. Ndinakukwiyira chomene. Miyezi isanu ndi itatu ija sinali ya bambo ako okha."

Lero ndikamva anthu akugwirizana msanga za amene walakwa, ndimayamba ndafunsa ngati munthuyo ali ndi mbale wake pafupi, pakuti ndinaona ndi maso anga kuti chikayikiro sichipita kumene kuli umboni, chimapita kumene kulibe womuyankhira munthu. Ndinaonanso kuti sichisowa bodza lalikulu. Langa linali la mawu ochepa, lonena za dzino ndi zenera, ndipo zotsalazo anthu abwinobwino, opemphera, ondikonda, anamalizitsa okha. Koma chimene chimandilemera kwambiri ndi chimene ndinadzachidziwa mochedwa. Sabata imene ija tinakhala chete anthu awiri, ndipo tonse tinkadziwa chinthu chimodzi. Ine ndinakhala chete kuti iwo achoke. Iwo anakhala chete kuti ine nditsale.